ABU DHARR AL-GHIFARI (R.A.), SWAHABA AMENE SADADZIWE KUSYASYALIKA

A komiti ya mzikiti atatipempha kuti m'kabuku ka chaka chino tilembemo mbiri ya mmodzi mwa Maswahaba a Mtumiki Muhammad (S.A.W.), maganizo athu adayamba athamangira kwa aja amene ana a ku madrasa amawatchula ngakhale mutawadzutsa pakati pa usiku: Abu Bakr, Umar, Uthman ndi Ali (R.A.). Koma pomaliza tidasankha wina. Munthuyu akadakhala kuti amaswali pa mzikiti wathu uno, tonse tikadamulemekeza ndithu, koma tikukayika ngati ambiri a ife tikadathamangira kukhala naye mphasa imodzi pa mpunga wa Eid. Chifukwa chake n'chakuti ankanena zoona pamaso, ndipo amene ankawauza zoonazo adali anzake enieni, amene adaswali nawo mzere umodzi pambuyo pa Mtumiki.

Dzina lake lenileni lidali Jundub ibn Junada, wa mtundu wa Ghifar, womwe udali nthambi ya Kinana. Anthu amenewa ankakhala m'mphepete mwa njira imene amalonda a ku Makka ankadzera popita ku Sham, ndipo adatchuka ndi uchifwamba wolanda katundu wa apaulendo. Sadali mtundu umene munthu angayembekezere kuti mungatuluke mphunzitsi wa chilungamo. Atamva mphekesera yoti ku Makka kwadzuka munthu amene akuti ndi Mneneri, Abu Dharr adatuma mbale wake Unays, yemwe adali mlakatuli, kuti akamve. Unays adabwerako n'kunena kuti munthuyo akulamula makhalidwe abwino ndipo mawu ake si ndakatulo. Abu Dharr sadakhutire. Adatenga kamba ndi thumba lachikopa la madzi, ulendo wa ku Makka.

Atafika sadafunse munthu aliyense, poopa kuti angafunse mdani. Ali ibn Abi Talib (R.A.) adamuona kuti ndi mlendo, ndipo adamutengera kunyumba. Usiku woyamba adagona osafunsana kanthu, wachiwirinso chimodzimodzi. Tsiku lachitatu ndi pamene Ali adamufunsa chimene adadzera, ndipo adagwirizana kuti Abu Dharr azitsatira pambuyo. Ali akaona choopsa adzaima pafupi ndi khoma ngati akukonza nsapato, mlendoyo n'kupitirira. Umu ndi mmene adakafikira kwa Mtumiki (S.A.W.), namva uthenga, nalowa Chisilamu pomwepo. Iye mwini ankati adali wachinayi kapena wachisanu kulowa.

Mtumiki adamulangiza kuti abwerere kwawo mwakachetechete akadikire kufikira atamva kuti zinthu zasintha. Koma munthu wathu uyu kukhala chete kudamukanika kuyambira tsiku loyamba lenilenilo. Adapita pa Ka'ba pomwe padali akuluakulu a Quraysh, natchula Shahada mokweza mawu. Adamumenya mpaka kugwa. Amene adamupulumutsa ndi Abbas, mbale wa bambo ake a Mtumiki, amene adamugwera pamwamba kumuphimba n'kuwakumbutsa a Quraysh kuti munthu akumuphayo ndi wa Ghifar, ndipo ngamira zawo zamalonda zimadzera kwa Ghifar komweko. M'mawa mwake Abu Dharr adakabwerezanso, adamenyedwanso, Abbas adamulanditsanso. Kenako adabwerera kwawo. Mbale wake ndi mayi ake adalowa Chisilamu, ndipo theka la mtundu wonse lidatsatira Mtumiki asadasamukire ku Madina. Otsalawo adalowa pambuyo pa Hijra. Iye adakhalabe kwawoko zaka zambiri, kotero kuti nkhondo za Badr, Uhud ndi Khandaq zidamupita. Adadzakhazikika ku Madina pambuyo pa chaka cha 5 cha Hijra (627).

Tisanafike pa zoona zowawa zimene iye adauza anzake, tiyambe ndi zimene iye adauzidwa, pakuti apa ndi pamene ambiri ofotokoza mbiri yake amadumpha.

Tsiku lina adakangana ndi munthu wina, ndipo mkwiyo utamukwera adamunyoza pomutchulira mayi ake. Akatswiri ambiri otanthauzira Hadith amati munthuyo adali Bilal (R.A.), amene mayi ake adali a ku Abyssinia. Nkhani itamufika Mtumiki (S.A.W.), sadayese kuikometsera. Adamuuza Abu Dharr pamaso kuti mwa iye mudakali umbuli wa nthawi ya Jahiliya. Tangoganizani, abale. Munthu amene adakhetsa magazi pa Ka'ba chifukwa cha Shahada pamene ena ambiri adali asadalowe n'komwe, lero akuuzidwa kuti Chisilamu sichidamalize kumutsuka. Mtumiki adapitiriza kumuphunzitsa kuti antchito ndi abale athu amene Allah wawaika m'manja mwathu, tiziwadyetsa zimene tikudya, tiziwaveka zimene tikuvala, ndipo tisawasenzetse ntchito yoposa mphamvu zawo. Abu Dharr sadanyanyale, sadasiye kubwera ku mzikiti monga timachitira ena a ife tikadzudzulidwa. Patapita zaka zambiri, munthu wina dzina lake Ma'rur ibn Suwayd adamupeza atavala chovala chofanana ndendende ndi cha wantchito wake. Atamufunsa chifukwa, Abu Dharr adafotokoza nkhani yonseyi yekha, osabisa mbali yomuchititsa manyazi. N'chifukwa chake lero ili m'buku la Imam Bukhari. Tikadakhala ife, kaya tikadaifotokoza?

Ulendo wina adapempha Mtumiki kuti amupatse udindo woyang'anira dera, monga ankapatsira ena. Mtumiki adamugwira paphewa n'kumuuza kuti iye ndi wofooka, kuti udindo ndi chinthu chosungitsidwa, ndipo pa Tsiku la Qiyama udzakhala manyazi ndi madandaulo kupatula kwa amene adautenga moyenera n'kukwaniritsa zofunika zake. Imam Muslim adasunganso mawu ena a nkhani yomweyi, pamene Mtumiki adamutsimikizira kuti akumufunira zimene amadzifunira mwini, ndipo adamuletsa kulamulira ngakhale anthu awiri okha, kapena kusunga chuma cha mwana wamasiye. Kufooka kumene kunkanenedwa apa sikudali kwa thupi kapena kwa Imani. Ife tikuona kuti kudali kusowa kuleza kumene mtsogoleri amafunika kukhala nako pokoka anthu osiyana mitima. Mtumiki akadatha kungomuuza kuti malo adzaza, kapena kuti tidzaona mtsogolo, monga timayankhirana ife. Sadatero. Adamuuza chifukwa chenicheni, dzanja lili paphewa. Akuluakulu athu adati wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo Abu Dharr adazimva choncho, pakuti moyo wake wonse akamatchula Mtumiki ankakonda kumutcha bwenzi lake lapamtima.

Mtumiki yemweyo ndi amene adamuchitira umboni umene uli m'buku la Imam Tirmidhi, woti pansi pa thambo ndi pamwamba pa nthaka padalibe munthu wa lilime loona kuposa Abu Dharr. Ndipo mwa malangizo amene adamusiyira mudali akuti azikonda masikini ndi kukhala nawo pafupi, aziyang'ana amene ali pansi pake osati apamwamba, azilumikiza chibale ngakhale abalewo atamufulatira, asaope kudzudzulidwa pa zinthu za Allah, ndiponso azinena choona ngakhale chikhale chowawa.

M'chaka cha 9 cha Hijra (630) kudali ulendo wa ku Tabuk, nthawi ya dzuwa loswa mtengo, mtunda wautali. Anthu ena ankatsalira m'njira mwadala. Ngamira ya Abu Dharr idali yofooka, ndipo anthu adayamba kunena kuti nayenso watsalira. Iye ataona kuti ngamira ikumuchedwetsa adaisiya, nasenza katundu kumsana, n'kumatsata mapazi a gulu wapansi. Asilamu atapuma pamalo ena adaona munthu akubwera yekha patali. Atazindikira kuti ndi iye, Mtumiki adamupemphera chifundo cha Allah, nanena kuti munthuyu amayenda yekha, adzafa yekha, ndipo adzaukitsidwa yekha. Tisunge mawu amenewa, tikumana nawonso.

Mtumiki (S.A.W.) atamwalira m'chaka cha 632, Abu Dharr adasamukira ku Sham. Zaka zotsatira zidasintha moyo wa Asilamu kotheratu. Maiko a Persia, Sham ndi Egypt adagonja, chuma chidayamba kulowa ngati madzi osefukira. Anthu amene ku Madina ankamanga mwala pamimba chifukwa cha njala tsopano adali ndi minda, nyumba zazikulu ndi golide. Pa nthawi ya Khalifa Uthman (R.A.), amene adalamulira kuyambira 644 mpaka 656, bwanamkubwa wa Sham adali Mu'awiya ibn Abi Sufyan (R.A.), amenenso adakhalapo mlembi wa Mtumiki. Apa ndi pamene lilime la Abu Dharr lidayamba kuwawa.

Mkangano udagona pa Ayah 34 ya Surah At-Tawba, imene ikuchenjeza za chilango chowawa kwa anthu okundika golide ndi siliva osapereka pa njira ya Allah. Mu'awiya ankati Ayah imeneyi idatsika ponena za anthu a Buku, pakuti chiyambi chake chikukamba za akuluakulu a chipembedzo a Ayuda ndi Akhristu. Abu Dharr ankati ayi, ikunena za iwo ndi ife tomwe. Ndipo sadanenere kuseri. Adamuuza bwanamkubwa mwini wake, adawauzanso olemera pamaso pawo. Wolemba mbiri Ibn al-Athir akusimba kuti Mu'awiya adafuna kumuyesa ngati zochita zake zikufanana ndi zonena zake. Adamutumizira madinari 1,000 usiku. Kutacha adatumanso mthenga yemwe uja kuti akanene kuti adalakwitsa khomo, ndalamazo zidali za wina. Abu Dharr adayankha kuti palibe dinari ngakhale imodzi imene yagona m'nyumba mwake, zonse adagawira osauka usiku womwewo, koma amupatse masiku atatu azisonkhanitse. Mu'awiya adadziwa kuti munthuyu sangagulidwe ndipo sangagwidwe ndi chinyengo. Adalembera kalata Khalifa, ndipo Khalifa adamuitanitsa ku Madina. Izi zidachitika cha m'ma 30 Hijra (650 kapena 651).

Ku Madina sadasinthe. Ahnaf ibn Qays akusimba kuti adali atakhala ndi akuluakulu a Quraysh pamene padafika munthu wa tsitsi losapesa ndi zovala zokhakhala. Adapereka salamu, kenako adachenjeza okundika chuma za miyala yotenthedwa ku Moto imene idzaikidwe pa matupi awo. Anthu adaweramitsa mitu, palibe adayankha. Munthuyo adakakhala pansi pa nsanamira yekha. Ahnaf adamutsatira n'kumuuza kuti zikuoneka kuti anthu aja sadakondwe nazo. Abu Dharr adayankha kuti iwo sakuzindikira, ndi kuti bwenzi lake lapamtima lidamuuza kuti silikadakonda kukhala ndi golide wochuluka ngati phiri la Uhud popanda kumupereka yense, kupatula madinari atatu. Adaonjeza kuti iye sadzawapempha anthu amenewo kanthu ka dziko lapansi mpaka adzakumane ndi Allah.

Pano tiyenera kunena zoona nafenso, poti tikulemba za munthu wa zoona. Pa nkhani ya lamulo, Maswahaba ambiri sadagwirizane naye. Abdullah ibn Umar (R.A.) adafotokoza kuti chenjezo lija lidali lolimba choncho Zakaat isadakhazikitsidwe, ndipo itakhazikitsidwa Allah adaipanga kukhala choyeretsera chuma. Ndiye kuti munthu amene wapereka gawo limodzi mwa magawo 40 a ndalama zake zimene zakwana Nisab ndi kuzungulira chaka, kapena tinene K2.50 pa K100 iliyonse, chotsalacho ndi chake ndipo si wokundika. Izi ndi zimene Maulama a Madhhab onse anayi adatsata, ndipo ndi zimene timaphunzitsa ku madrasa. Abu Dharr ankafuna kuti aliyense akhale monga iye, wosasunga choposa chosowa chake, ndipo ameneyo ndi mtolo umene Shariah sidasenzetse anthu onse. Kalankhulidwe kakenso nthawi zina kankapyola. Imam Ahmad adalemba kuti Ka'b al-Ahbar atanena pamaso pa Uthman kuti chuma chimene Abdur-Rahman ibn Awf (R.A.) adasiya chilibe vuto ngati ankaperekapo gawo la Allah, Abu Dharr adamumenya ndi ndodo. Apa ndi pamene timamvetsa chifukwa chimene Mtumiki adamukanira udindo zaka zambiri m'mbuyomo. Munthu akhoza kukhala woona mtima kotheratu koma osalondola pa mfundo iliyonse, ndipo anzake a Abu Dharr adatha kusiyanitsa ziwirizi. Adatsutsana naye, ena adatopa naye, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene adamutcha wabodza kapena wofuna zake.

Komanso tisamujambule ngati munthu wa nkhope yamakwinya nthawi zonse. Mwa Mahadith 281 amene amawerengedwa kuti adachokera kwa iye muli ija yotiphunzitsa kusapeputsa chabwino chilichonse, ngakhale kungokumana ndi m'bale wako ndi nkhope yosangalala. Mulinso ija imene amayi athu akuikwaniritsa lero lomwe pa Eid, yoti ukaphika ndiwo uchulukitse msuzi kuti upatseko anansi. Hadith Qudsi yaikulu ija imene Allah akunena kuti adadziletsa yekha kupondereza ndipo adakuletsanso pakati pa akapolo ake, idatifika kudzera mwa iye.

Chimene chimatigwira mtima kwambiri ndi zimene adachita atasemphana ndi Khalifa. Anthu ku Madina ankamuunjirira ngati sadamuonepo, ndipo iye adakamuuza Uthman za zimenezi. Uthman adamuuza kuti ngati akufuna akhoza kupatuka n'kukakhala chapafupi. Adapita ku Rabadha, kamudzi ka m'chipululu pa mtunda wa makilomita pafupifupi 200 chakum'mawa kwa Madina, kumene kunkadyetsedwa ziweto za boma la Asilamu. Zayd ibn Wahb atamupeza kumeneko n'kumufunsa chimene chidamufikitsa, adafotokoza nkhani yonse mosaonjezera, namaliza ndi kunena kuti ngakhale atamuikira mtsogoleri wa ku Abyssinia, adzamva ndi kumvera. Ibn Sa'd akusimba kuti anthu ena a ku Iraq adamupeza n'kumunyengerera kuti akweze mbendera yogalukira, iwo amubweretsera asilikali. Adawakanira kwamtuwagalu. Adawauza kuti ngakhale Uthman atamupachika pa mtengo wautali, iye adzamvera ndi kupirira. Zimene adali nazo adazinena kale pamaso pa mwini wake; sadaone chifukwa chozisandutsa chipani.

Ife timachita mosemphanitsa. Pa msonkhano wa mzikiti, akafunsa ngati pali wina ali ndi mawu pa kayendetsedwe ka ndalama za Ijumaa kapena za zomangamanga, tonse timayang'ana pansi, Insha Allah zili bwino. Tikangotuluka pambuyo pa Isha, tisadavale n'komwe nsapato, msonkhano weniweni ndi pamene umayamba, mwini nkhani atapita. Timadzinamiza kuti tikusunga ulemu, pamene tasiya Nasiha n'kutola miseche. Olemba ano sitikudzichotsamo. Tidakhalapo chete nthawi yaitali tikumva mphunzitsi mnzathu, wamkulu kwa ife ndiponso wotikonda, akuwerengetsa ana Surah ina molakwitsa katchulidwe ka chilembo chimodzi. Tinkaopa kumukhumudwitsa. Pamene tidalimba mtima n'kumuuza patokha, kalasi yonse idali italoweza cholakwikacho, ndipo ena mwa anawo adali atayamba kale kuswali nacho. Adakhala chete kanthawi, nkhope itagwa. Kenako funso limene adatifunsa lidali loti tidazimva liti koyamba. Kuyankha funso limenelo kudatiwawa kuposa kumuuza kuja.

Abu Dharr adakhala ku Rabadha ndi mkazi wake ndi wantchito wake mpaka chaka cha 32 cha Hijra (652 kapena 653). Atadwala matenda omaliza, mkazi wake adalira poona kuti mwamuna wake akufera m'chipululu ndipo m'nyumba mulibe nsalu yokwanira sanda. Iye adamutonthoza n'kumuuza kuti azikayang'ana kunjira. Mayiyo adadandaula kuti nyengo ya Hajj yatha, apaulendo adadutsa kale, koma ankapitabe pa kachulu kukasuzumira, n'kubwerera kudzadwazika. Nkhani imene Imam Ahmad adasunga ikuti apaulendo atafika, Abu Dharr adawalumbiritsa kuti asavekedwe sanda ndi munthu amene adakhalapo pa udindo wa boma. Onse adapezeka kuti adalawako udindo kupatula mnyamata mmodzi wa Answar, ndipo nsalu za mnyamatayo, zimene ulusi wake adapota ndi mayi ake, ndi zimene zidakhala sanda ya Swahaba wa Mtumiki.

Ibn Ishaq akusimba kuti thupi lake lidaikidwa m'mphepete mwa njira monga adalamulira mwini wake, ndipo gulu lochokera ku Iraq lidatsala pang'ono kuliponda ndi ngamira. Wantchito uja adaimirira n'kuwauza kuti ameneyu ndi Abu Dharr, Swahaba wa Mtumiki wa Allah, awathandize kumuika. M'gulumo mudali Abdullah ibn Mas'ud (R.A.). Adalira kwambiri, nakumbukira mawu a pa ulendo wa ku Tabuk, nawafotokozera anzakewo. Adamuswalira Janaza n'kumuika pomwepo. Ibn Mas'ud naye sadakhalitse, adamwalira ku Madina chaka chomwecho.

Uthenga wa maliro utamufika Khalifa Uthman, munthu amene Abu Dharr adamuvutitsa ndi lilime lake, adamupemphera chifundo cha Allah. At-Tabari akulemba kuti adatenga a m'banja la Abu Dharr amene adatsala n'kuwaphatikiza ndi a m'nyumba mwake. Allah asangalale nawo onse awiri.